Dr Malekebu: adayenda wapansi mpaka ku Beira kufuna sukulu

Pa 15 Januwale chaka chilichonse, khamu la anthu limasonkhana pa PIM ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu kukumbukira Mbusa John Chilembwe. Makwaya amaimba, akuluakulu a boma amayala nkhata zamaluwa, ndipo pakati pa zonsezi pamakhala tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chimaonekera patali.

Alendo ambiri amabwerera kwawo akuganiza kuti tchalitchicho adamanga ndi Chilembwe. Ayi ndithu. Cha Chilembwe asilikali a atsamunda adachiphulitsa m'chaka cha 1915, ndipo zibuma zake zogumuka zili chapafupi pomwepo. Chimene chilipo lero chidamangidwa motsogozedwa ndi mwana wake wa sukulu, Dr Daniel Sharpe Malekebu, Mmalawi woyamba kupata digiri ya udotolo.

Dzina la Malekebu silimvekamveka, ndipo nkhope yake siili pandalama iliyonse. Koma mbiri yake ndi ya munthu amene adayamba ngati wantchito wa m'nyumba, n'kumangowonjezera luso pamwamba pa luso kwa zaka zoposa 20, mpaka tsiku limene boma lomwe lidamubweza pachipata lidalola kuti alowe.

Adabadwa cha m'ma 1889 m'banja la Chiyao ku Chiradzulu, Angerezi asanalengeze n'komwe kuti dziko lino lili m'manja mwawo. Chilembwe atabwerako ku America m'chaka cha 1900 n'kutsegula Providence Industrial Mission, Daniel adali mmodzi mwa ana oyamba kulembetsa. Sukuluyi idali yosiyana ndi za mamishoni ena. Mwini wake adali munthu wakuda, wakonkuno, amene adawoloka nyanja n'kubwerako ndi ubusa, ndipo ana ankaona ndi maso awo kuti maphunziro apamwamba si a azungu okha. Kupatula kuwerenga ndi kulemba, pamishonipo ankaphunzitsanso ntchito zamanja monga ulimi, kusoka ndi kuumba njerwa.

Mpingo wa National Baptist Convention, wa anthu akuda a ku America, udatumiza anthu awiri kudzathandiza Chilembwe. Mbusa Landon Cheek adafika mu 1901, ndipo chaka chotsatira kudabwera Mayi Emma DeLaney, mphunzitsi amene adaphunziranso unamwino pa Spelman Seminary mumzinda wa Atlanta. Mayiyu ndiye adatenga Daniel kuti azimugwirira ntchito za m'nyumba komanso kumumasulira akamayankhula ndi anthu.

Kwa anyamata ambiri a nthawi imeneyo, ntchito yotereyi idali pothera. Munthu unkapeza chovala, chakudya ndi kandalama ka msonkho, ndipo kumudzi ankakupatsa ulemu. Koma kumasulira ndi sukulu payokha. Womasulira amayenera kugwira mawu a mlendo, kuwatembenuza msanga, kenaka kutenga yankho la gogo wa m'mudzi n'kulibweza m'Chingerezi chomveka. Tsiku ndi tsiku Chingerezi cha Daniel chinkakula, ndipo pamodzi nacho inkakula njala yofuna kukaona kumene mayi wakuda ngati ameneyu adatenga nzeru zake.

Mayi DeLaney atabwerera kwawo cha m'ma 1905, Daniel adafunitsitsa kupita nawo, koma makolo ake adakana. N'zosadabwitsa. Malonda a akapolo adali asanaiwalike m'dera la Chiradzulu, ndipo kholo lililonse linkadziwa kuti mwana wopita kunyanja yamchere kawirikawiri sabwerako. Mnyamatayu adangokhala chete, kenaka tsiku lina adazemba.

Ulendo wa ku Beira

Lero munthu akati ndikupita ku Beira amakwera galimoto. Masiku amenewo njanji idali isanafike ku Blantyre, poti sitima yoyamba idalowa mumzindawu mu 1908. Njanji yochokera ku Beira kufika kumtsinje wa Zambezi idatsegulidwa mu 1922, ndipo mlatho wa pa Zambezi udatha mu 1935. Azungu ndi anthu andalama ankatsika ndi sitima zapamadzi mumtsinje wa Shire ndi Zambezi mpaka ku Chinde. Daniel analibe ndalama yoteroyo, choncho adayenda wapansi makilomita mazanamazana kudutsa m'dziko la Apwitikizi.

Anthu a ku Nkhulambe m'boma la Phalombe, amene malire a Mozambique ali pakhomo pawo, amadziwa kuti kuwoloka malire pakokha si nkhani. Munthu amawoloka m'mawa panjinga kukaona abale kapena kukagula chimanga, madzulo ali kunyumba. Agogo ambiri a m'derali adabweranso wapansi kuchokera tsidya lomwelo. M'zaka zimene Daniel ankachoka, Alomwe ambirimbiri ankalowa m'dziko muno kudzera m'mbali mwa phiri la Mulanje, kuthawa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, ndipo ambiri adakathera m'minda ya azungu ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje. Anthu ankathawa dziko limenelo ndi akatundu pamutu, pomwe mnyamata wosakwana zaka 20 ankalowa momwemo yekhayekha kufuna sukulu.

Atafika ku Beira adapeza ntchito m'sitima yapamadzi, ndipo ntchitoyo ndiyo idakhala tikiti yake mpaka ku London. Kuchoka kumeneko adakwera sitima ina n'kufika ku New York mu 1907. Pachilumba cha Ellis Island, pamene boma la America linkafufuzira alendo onse olowa m'dzikolo, adamusunga masiku angapo kufikira a mpingo wa Baptist atamuombola. Pomaliza adakumananso ndi Mayi DeLaney, amene kwawo kudali ku Fernandina m'chigawo cha Florida.

America imene Daniel adaipeza sidali yamkaka ndi uchi. M'zigawo za kummwera, malamulo ankalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'sitima, m'zipatala ngakhale pamalo omwera madzi. Anthu akuda adali ndi sukulu zawozawo, zambiri zomangidwa ndi mipingo, ndipo ophunzira ambiri ankadzilipirira fizi pogwira maganyu patchuthi.

Adayambira pa Selma University m'chigawo cha Alabama, sukulu ya a Baptist imene inkalandiranso ophunzira a makalasi apansi. Atatha kumeneko adapita ku National Training School mumzinda wa Durham ku North Carolina. Apa akadatha kuima. Maphunziro amene adali nawo adali okwanira kukhala mphunzitsi wamkulu kapena mlaliki, ndipo adali atapitirira kale pafupifupi mnzake aliyense amene adamusiya ku Nyasaland. Iye adalembetsa za udotolo pa Meharry Medical College mumzinda wa Nashville ku Tennessee.

Nthawi imene adalowa pa Meharry idali yovuta. Mu 1910 kudatuluka lipoti la Abraham Flexner, limene lidaunika sukulu zonse za udotolo ku America n'kupeza kuti zambiri zinkaphunzitsa mwachisawawa. Zotsatira zake, sukulu zambiri zidatsekedwa, ndipo mwa zisanu ndi ziwiri za anthu akuda zidatsala ziwiri zokha, Howard ku Washington ndi Meharry. Malo adachepa, mayeso adalimba. Mnyamata wa ku Chiradzulu ankalimbirana mpando ndi ana obadwira m'Chingerezi.

Kuno kumudzi, munthu wakuda wokonda zachipatala ankathera paudindo wothandizira dotolo wachizungu. Chitsanzo ndi John Gray Kufa, amene adaphunzira ntchitoyi pamishoni ya Blantyre ndipo ankadziwika kuti adali katswiri, koma khomo la udotolo weniweni lidali lomutsekera.

Ali mkati mwa maphunziro, kwawo kudagwa zoopsa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe adaukira azungu, atatopa ndi thangata, kuwotchedwa kwa matchalitchi awo m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera pankhondo ya azungu. William Jervis Livingstone, woyang'anira mindayo, adaphedwa. Boma lidabwezera mwankhanza. Pa 3 Febuluwale Chilembwe adawomberedwa akuthawira ku Mozambique, m'dera la Mulanje limene nthawi imeneyo linkaphatikizapo Phalombe yense. Kufa uja adanyongedwa pamodzi ndi ena ambiri, mishoni idatsekedwa, tchalitchi chidagwetsedwa.

Taganizirani za wophunzira ali kutali chotero, amene mphunzitsi wake waphedwa, anzake a m'kalasi ena anyongedwa, ena ali kundende, ndipo malo amene ankati akadzamaliza adzagwirako ntchito asanduka bwinja. Wina akadataya mtima. Malekebu adapitiriza, ndipo mu 1917, patatha zaka 10 chifikireni ku New York, adalandira digiri ya udotolo.

Digiri itapezeka

Mbali yochititsa chidwi ya moyo wake ikuyambira pamenepa. Munthu amene wavutika zaka 10 n'kupata pepala lalikulu chotero amafuna kupuma, kutsegula chipatala chake ndi kuyamba kudyerera. Anthu akuda ku America ankasowa madotolo, ndiye ntchito sikadamusowa. Koma Malekebu maso ake adali kwawo, ndipo adadziwa kuti zimene adaphunzira ku Tennessee sizikadakwanira ku Chiradzulu, kumene odwala amabwera ndi likodzo, khate ndi zilonda zam'miyendo zosapola. Adapita ku Philadelphia kukawonjezera maphunziro a matenda a m'maiko otentha, uku akugwira ntchito m'chipatala kuti manja azolowere.

Sadalekere pomwepo. Adapitanso ku Chicago kukaphunzira za Baibulo pa Moody Bible Institute. Ena akadati uku n'kumwazika, dotolo akufunanji kusukulu ya abusa? Koma iye adaona patali. Ku Nyasaland ya masiku amenewo, sukulu ndi zipatala za anthu akuda pafupifupi zonse zidali m'manja mwa mamishoni, ndipo munthu wakuda wofuna kuyendetsa zakezake ankayenera kukhala ndi mpingo kumbuyo kwake. Udotolo wokha ukadamusiya wantchito wa wina.

Mu 1919 adakwatira Flora Ethelwyn Zeto, amene adabadwira ku Congo koma adakulira ndi kuphunzira pa Spelman, sukulu yomwe ija ya Mayi DeLaney. Awiriwa adanyamuka ulendo wobwera kuno, ndipo mu 1921 adafika ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje.

Boma lidawabweza. Padali patangopita zaka zisanu ndi chimodzi chichitikireni za Chilembwe, ndipo kwa atsamunda munthu wakuda wophunzira ku America, wa mpingo wa Baptist, wochokera ku PIM, adali ngati moto womwe uja ukuyakanso. Mantha awo adakula ndi mbiri ya Marcus Garvey, amene ankalalikira ku America kuti Africa ndi ya anthu akuda, moti mu 1922 nyuzipepala yake ya Negro World idaletsedwa m'dziko muno. Choncho dziko limene linkasowa madotolo koopsa lidakana mwana wake woyamba kukhala dotolo, ali pakhomo penipeni.

Banjali lidalowera ku Cape Town, kumene Malekebu adatumikira pampingo wa Shiloh Baptist. Kenaka adapita ku Liberia kukagwira ntchito pa Ricks Institute, sukulu ya a Baptist kufupi ndi mzinda wa Monrovia. Pongoona, zaka zimenezi zidali zotayika. Koma ndi m'zaka zomwezi mmene adaphunzira zinthu zimene Meharry kapena Moody sakadamuphunzitsa, monga kusunga mpingo wa anthu osauka, kuyendetsa sukulu yogonera pomwepo ndi ndalama zochepa, kulemba malipoti okhutiritsa othandiza a kunja, ndi kukhala ndi aphunzitsi amene malipiro awo achedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye adadekha zaka zisanu.

Kuno otsala a mpingo wa Chilembwe sadagone. Ankapempha boma kuti liwalole kutsegulanso mishoni yawo, ndipo a National Baptist Convention nawo ankakambirana ndi akuluakulu a atsamunda. Boma litafewa, funso lidali lakuti ndani angatsogolere. Pankafunika munthu wakonkuno amene anthu angamukhulupirire, mbusa wovomerezeka ndi mpingo wa ku America, wodziwa kuyendetsa sukulu, komanso wokhala ndi luso limene ngakhale bwanamkubwa sangalinyoze. Munthu wokhala ndi zonsezi pamodzi adali mmodzi yekha. Mu 1926 Malekebu ndi mkazi wake adaloledwa kulowa, ndipo chaka chomwecho PIM idatsegulidwanso.

Ntchito pa Mbombwe

Adapeza tchire ndi zibuma. Anthu ambiri adali ndi mantha kutchulidwa kuti ndi a PIM, poti dzinalo lidali litaphetsa abale awo, ndipo maso a boma adali pa iye usana ndi usiku. Apa adayenera kuphunzira luso lina latsopano ali ndi zaka zoyandikira 40, luso loyankhula ndi bwana DC mosagonja koma mosapereka mpata woti amutsekere.

Sukulu idayambanso, odwala adayamba kulandira thandizo, ndipo Mayi Flora adatenga mbali yophunzitsa amayi ndi atsikana. Akhristu adaumba njerwa n'kumanga tchalitchi chatsopano cha New Jerusalem, chimene chidatha m'zaka za m'ma 1930. Chaka chimene PIM idatsegulidwanso ndi chomwenso boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi yake yoona za maphunziro, kutanthauza kuti sukulu tsopano zinkayenderedwa ndi kupimidwa. Zimene adaphunzira ku Liberia zidagwira ntchito pamenepa.

Mpingo udakula msanga. Monga m'masiku a Chilembwe, ambiri mwa akhristu ake adali Alomwe a m'minda ya azungu ndi m'midzi ya ku Chiradzulu ndi Mulanje, ndipo udafalikira m'maboma ena mpaka kuchigawo chapakati. Amuna opita kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku Joni adautenga n'kukaubzala kumeneko, ndipo udalowanso mu Mozambique. Mu 1945 Malekebu adasonkhanitsa mipingo yonseyi pansi pa bungwe limodzi la National Baptist Assembly of Africa.

Pali ena amene amati poyerekeza ndi Chilembwe, Malekebu adali wofatsa mopitirira, munthu wosafuna kukwiyitsa azungu. Mawu amenewa ali ndi mbali yake, poti iye sadagwirepo mkondo ndipo ankalemekeza malamulo a boma. Koma sadatseke pakamwa. Mu 1929 adatsogolera kukhazikitsa bungwe la Chiradzulu District Native Association. Mabungwe otere adalipo kale m'maboma ena, koma ambiri adali a aphunzitsi ndi makalaliki okhaokha. La ku Chiradzulu linkasonkhanitsa mafumu ndi alimi wamba ambirimbiri, ndipo linkadandaula poyera za thangata, kuchepa kwa malo olima ndi mitengo yonyozeka ya fodya. Zidali nkhani zomwe zija adafera Chilembwe, kungoti tsopano zinkaperekedwa pamsonkhano ndi m'makalata olembedwa bwino. Mabungwe amenewa ndiwo adadzabala Nyasaland African Congress mu 1944.

Kuti tione kutalika kwa mtunda umene adayenda, tiyerekeze ndi zaka izi. Sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, idatsegulidwa mu 1940, Malekebu ali dotolo kwa zaka 23. Hastings Kamuzu Banda, amene naye adatuluka m'dziko muno wapansi ali mnyamata, adamaliza udotolo pa Meharry pomwepo mu 1937, patatha zaka 20 Malekebu atadutsapo. Kamuzu naye adapeza kuti pepala limodzi silikwanira, poti kuti aloledwe kugwira ntchito m'maiko a Angerezi adayenera kukawonjezera ku Edinburgh, kumene adamaliza mu 1941. Ndipo sukulu yophunzitsa madotolo m'dziko muno, College of Medicine ku Blantyre, idadzatsegulidwa mu 1991, patapita zaka 74 chilandirireni Malekebu digiri yake.

Zaka zake zomaliza sizidali zamtendere. Adatsogolera PIM kwa zaka zoposa 40, ndipo munthu akakhalitsa pampando mikangano siilephera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 padabuka kusamvana pakati pa iye ndi akuluakulu a mpingo ku America pa kayendetsedwe ka mishoni. Adachoka paudindo, utsogoleri udapita kwa Mbusa Leonard Muocha, ndipo mpingo udagawikana, ena kutsatira mkulu wawo wakaleyo.

Dr Malekebu adamwalira mu 1978 ali ndi zaka pafupifupi 89. Mpingo umene adaudzutsa pabwinja ukudziwika lero ndi dzina la African Baptist Assembly, ndipo pa Mbombwe pakadali sukulu ndi chipatala.